Mayeso a mphindi 26 amene palibe ankawayendetsa

Ndiyambe ndi kuulula. Kwa milungu pafupifupi isanu ya semesita yathayi, sindinayendetse mayeso a pulogalamu yathu ngakhale kamodzi ndisanatumize code yanga kwa anzanga. Si ine ndekha. Tinalipo asanu m'gulu, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akuyendetsa. Tikakumana Lachiwiri, mkulu wa gulu akafunsa kuti "mayeso akudutsa?", tonse tinkangogwedeza mitu ngati agulo. Iyenso wofunsayo sankayendetsa. Zimenezi tinazidziwa pambuyo pake, zinthu zitaipa kale.

Kwa amene simuchita za makompyuta, mayeso ndikunena pano si aja otisowetsa tulo kumapeto kwa semesita. Ife timangoti ma test. Ndi tizidutswa ta code timene timalemba kuti tiziyesa code inzake: ukaipatsa nambala izi ibweze yankho ili, ikabweza lina ndiye kuti penapake pathyoka. Ukawalemba kamodzi, kompyuta imawayendetsa yokha nthawi iliyonse ukailamula. Pulojekiti yathu ya chaka chomaliza inali pulogalamu yosungira mabuku a banki m'khonde: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, zindapusa za ochedwa kubweza. Tinailemba ndi Django, mayeso tinkayendetsa ndi pytest, ndipo tinali nawo 412. Nambala imeneyi tinkainyadira kwambiri. Tinaiika ngakhale pa slide.

Vuto linali loti mayeso 412 amenewo ankatenga mphindi 26 pa laputopu yanga. Tangoganizani zimene mphindi 26 zimatanthauza kwa munthu wokhala kuhostelo. Wasintha mizere itatu ya code, ukufuna kudziwa ngati sunaphwanye kanthu. Uyambitsa mayeso, fani ya laputopu iyamba kulira, ndipo sungachitenso china chifukwa makina a RAM ya 4GB sangasenze Chrome yoyendetsedwa ndi mayeso pamodzi ndi yako. Utenga foni, ulowa pa WhatsApp. Ukamabwerera waiwala kale chimene unkasintha. Magetsi akathima pakati, batire yanga yotha ija siifika kumapeto. Ndipo ena mwa mayesowo ankafuna intaneti, kutanthauza kuti bandulo ikatha amagwa, osati chifukwa code ndi yolakwika koma chifukwa choti ndilibe ndalama. Ukachita zimenezi kawiri katatu, mtima umakuuza kuti "ndasintha pang'ono chabe, palibe chingathyoke." Ndiye umangotumiza.

Mwina wina afunsa kuti nanga GitHub Actions inali kuti. Inalipo. Tinaikonza kuti iziyendetsa mayeso onse aliyense akatumiza code. Koma akaunti yaulere imapereka mphindi 2,000 pamwezi pa repository yosaonekera kwa anthu onse. Gawani 2,000 ndi 26, mupeza maulendo 76 okha. Anthu asanu otumiza kawiri katatu patsiku timamaliza zimenezo mlungu umodzi. Milungu itatu yotsalayo kunkangokhala zii. Kulakwa kunali kwathu, masamu ake anali poyera.

Tsiku limene zinatiphulikira tinapita kukaonetsa pulogalamu kwa amayi a gulu lina la banki m'khonde amene anavomera kutithandiza kuiyesa. Msungichuma wawo anabwera ndi kope lake lachikuto cholimba. Tinalowetsa ngongole imodzi yochokera m'kopemo: mayi wina anakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, mwezi utatha anayenera kubweza K60,000, koma anabweza K40,000. Yotsala K20,000. Mwa malamulo a gulu lawo, mwezi wotsatira chiwongoladzanja chimawerengedwa pa yotsalayo, ndiye ngongole imafika K24,000. Pulogalamu yathu inalemba K30,000. Inawerengera pa K50,000 yoyamba ija. Msungichuma anayang'ana sikirini, nayang'ana kope, kenako anatiyang'ana ife. "Ana inu, makina anuwa akufuna kundiyambanitsa ndi anzanga?" Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Usiku womwewo ndinayendetsa mayeso onse. Test imene inagwira cholakwikacho inalipo kale, ndinailemba ndekha mwezi wa Marichi. Payokha imatenga nthawi yosakwana sekondi. Inakhala ikugwa kwa masiku 19, kuyambira pamene mmodzi wa ife anakonzanso function yowerengera chiwongoladzanja, koma palibe anaimva chifukwa inakwiririka pansi pa mphindi 26 za zinzake.

Mfundo yanga ndi iyi, ndipo ndiinena mosapsatira: mayeso a pulogalamu ayenera kugawidwa pawiri. Gulu lofulumira, loyenda masekondi ochepa, lomwe munthu amayendetsa kambirimbiri patsiku osaganiza kawiri. Ndi gulu lathunthu, la zonse, loyenda usiku komanso code isanalowe mu main. Amene amakana kugawa kumeneku m'dzina la kusamala sakusamala kanthu. Akuteteza lamulo limene iwo eni salitsata.

Mkulu wa gulu lathu anakana nditapereka ganizoli, ndipo sindimunyoza, ndi munthu wodziwa code kuposa ine. Mfundo yake inali yoti ukangolola kuti mayeso ena azidumphidwa, watsegula khomo la ulesi. Lero udumpha 40, mawa 100. Munthu aona zobiriwira pa sikirini n'kumayesa kuti zonse zili bwino pamene theka la pulogalamu silinayesedwe. Anandiuzanso kuti kuthamanga si kufika. Ndikuvomera kuti ngoziyo ilipodi, ndipo ndibwererako. Koma onani zimene ankayerekeza. M'mutu mwake ankaika mayeso 412 mbali iyi, 372 mbali inayo, n'kumati 412 ndi ochuluka. Zoona zake zinali zoti mbali iyi kunali 372 oyenda kakhumi patsiku, mbali inayo kunali ziro. Lamulo lake loti "onse kapena ayi" tinali titalitsata kale kwa milungu isanu, ndipo tinasankha ayi.

Aliyense wa ife anapitako kuchipatala akumva malungo. Amakubaya chala, kadontho ka magazi pa kachipangizo kaja, pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Palibe amene amati kuyeza kumeneko ndi chinyengo chifukwa sanayeze chiwindi, impso ndi shuga. Ndi kuyeza kofulumira kwa funso lofala. Zikavuta, magazi amapita ku labu. Chipatala chitalamula kuti aliyense wotentha thupi adikire zotsatira zonse za ku labu, anthu sangayezetse bwino kuposa kale. Angasiye kubwera, n'kumakagula mapiritsi kugolosale.

Ndipo ganizoli si la ophunzira aulesi a chaka chachinayi. Tengani SQLite, database imene ili m'foni ya Android kapena iPhone iliyonse muli nayo m'thumbamo. D. Richard Hipp anaitulutsa m'chaka cha 2000, ndipo imadziwika kuti ndi imodzi mwa mapulogalamu oyesedwa kwambiri padziko: code ya mayeso ake ndi yochuluka kuposa code ya pulogalamu yeniyeniyo maulendo mazanamazana. Anthu amenewa, osamala chotere, ali ndi kagulu ka mayeso kotchedwa veryquick koyendetsa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo mayeso aakulu amawayendetsa akamakonzekera kutulutsa version yatsopano. Chilankhulo cha Go chinaika zimenezi m'kati mwenimweni mwa chida chake: ukalemba `go test -short`, mayeso amene anadzilemba kuti ndi aatali amadzidumpha okha. Olemba Java ndi Maven ali ndi Surefire ya mayeso ang'onoang'ono ndi Failsafe ya mayeso olumikiza zigawo. Django yomweyo ili ndi `--tag` ndi `--exclude-tag`. Zida zonsezi sizinagwirizane kulimbikitsa ulesi.

Chimene chinandiseketsa ndi cha ku Google. Mu 2010 Simon Stewart anafotokoza mmene amagawira mayeso kumeneko: aang'ono, apakati ndi aakulu. Aang'ono saloledwa kukhudza network, database kapena kugona kudikira nthawi, ndipo malire awo ndi masekondi 60. Apakati amaloledwa database ndi network ya pa makina omwewo, malire masekondi 300. Aakulu ndiwo amaloledwa zonse. Simon Stewart ameneyu ndi yemwe anayambitsa WebDriver, chida chimene chinkayendetsa Chrome m'mayeso athu ochedwa aja. Mwini chidacho sakuuza aliyense kuti azichiyendetsa akangosintha mzere umodzi.

Mnzangayo akanatha kunditsutsa ndi Kent Beck, ndipo ndimupatsa mfundoyo ndekha. M'buku la Extreme Programming Explained, kope lachiwiri la 2004, Beck amafuna kuti pulogalamu yonse imangidwe ndipo mayeso onse ayende m'mphindi khumi. Onse. Koma chifukwa chake n'chomwe ndikunena ine: zikapitirira pamenepo, anthu amayamba kuyendetsa mwa apo ndi apo. Beck ankadziwa kuti mdani ndi kudikira. Martin Fowler, polemba za Continuous Integration, anavomereza kuti si mayeso onse angalowe m'mphindi khumi, ndipo njira yake ndi yogawa: gawo loyamba lofulumira pa commit iliyonse, gawo lachiwiri lochedwa pambuyo.

Tsopano ndiwatembenukire a mbali yanga, chifukwa ambiri amene amavomereza kugawa amachita mwaulesi womwe mnzanga ankauopa. Amangotenga chilichonse chochedwa n'kuchimata chizindikiro cha slow osafunsa chifukwa chimene chikuchedwera. Musanagawe, yezani. Lamulo limodzi, `pytest --durations=20`, limakuonetsani mayeso 20 odya nthawi kwambiri. Zimene ndinapeza ine zinali zamanyazi.

Choyamba chinali ma password. Django imabisa password ndi njira yotchedwa PBKDF2, yomwe anaipanga dala kuti izichedwa, kuti wakuba akaba database avutike kuyesa ma password mamiliyoni. Kwa anthu enieni n'zabwino zedi. Koma pafupifupi test iliyonse yathu inkapanga mamembala khumi atsopano a gulu, aliyense ndi password yake, mobwerezabwereza. Tinkateteza ma password a anthu ongopeka kwa mbava zongopeka. Malangizo a Django eni ake amanena kuti m'mayeso mutha kuika hasher yopepuka ya MD5. Mizere itatu mu settings ya mayeso, mphindi zingapo zinachoka. Kenako ndinasamutsira kupanga mamembala ku `setUpTestData` kuti kuzichitika kamodzi pa class yonse m'malo mwa pa test iliyonse.

Chachiwiri, mafayilo atatu ankagwiritsa ntchito TransactionTestCase popanda chifukwa, kungoti wina anakopera chitsanzo pa intaneti ndipo ena tinakopera kwa iye. TestCase wamba imabweza database mmene inalili pongothetsa transaction, pamene inayi imakhuthula matebulo onse test iliyonse ikatha. Chachitatu, database ya mayeso inkamangidwa mwatsopano ndi ma migration onse ulendo uliwonse, pamene `--reuse-db` ikanaisunga. Chachinayi ndi changa ndekha: `time.sleep(5)` m'malo asanu ndi limodzi, yomwe ndinaika usiku wina test itandikanika, ndikuti ndidzachotsa mawa.

Zonsezi sizinafune kugawa. Zinafuna kukonza. Nditamaliza, mayeso ochedwa mwachibadwa anatsala 40: okwana 31 otsegula Chrome n'kumadina mabatani ngati munthu, ndi 9 otumiza uthenga woyeserera wa SMS kudzera pa intaneti. Amenewa sungawafulumizitse kwenikweni, chifukwa kuchedwa kwawo ndiko ntchito yawo: amayesa pulogalamu yonse ndi zinthu zakunja. Amenewa okha ndi amene ndinawaika `@pytest.mark.slow`. Otsala 372 tsopano amayenda masekondi 38 pa laputopu yomwe ija. Gulu lathunthu linatsika kufika mphindi 14. Michael Feathers analemba mu 2004 kuti unit test yotenga gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi ndi yochedwa. Pa muyeso wakewo ife tidakali m'malire, koma masekondi 38 ndimatha kuwadikira osagwira foni, ndipo kwa ine muyeso ndi umenewo.

Wina anandiuza kuti bwanji osangoyendetsa onse nthawi imodzi ndi pytest-xdist, pa ma core angapo. Ndi chida chabwino. Koma malangizo amenewa amachokera kwa anthu a makina a ma core 16. Yanga ili ndi awiri, ndipo Chrome ziwiri zikatseguka pamodzi imauma gwa. Malangizo ambiri a pa intaneti amaganiza kuti vuto lililonse la nthawi lingathe ndi makina akulu. Ife kuno tiyenera kuganiza kaye tisanagule, chifukwa nthawi zambiri sitigula.

Nayi ngozi ija ndinalonjeza kubwererako. Gulu lochedwa limasanduka dzala mosavuta. Test ikayamba kuvuta, lero yadutsa mawa yagwa, chiyeso choimata slow kuti ichoke pamaso n'chachikulu. Ine ndinachita zimenezi patangotha masiku anayi nditagawa. Test ina ya zindapusa inkagwa nthawi zina usiku, ndinaitaya ku gulu lochedwa ngakhale imatenga kachigawo ka sekondi. Mnzanga wotsutsa uja ndiye anandigwira pa pull request. Atafufuza anapeza kuti code inkatenga tsiku pa nthawi ya UTC, yomwe ili kumbuyo kwa nthawi yathu ndi maola awiri, choncho pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku pulogalamu inkaona ngati lidakali dzulo. Linali vuto lenileni, loti tsiku lina likanasokoneza chindapusa cha munthu, ndipo ine ndinalibisa. Pamenepa iye anali wolondola, ine wolakwa. Koma taonani kuti anachigwira chifukwa chizindikiro cha slow chimaonekera mu code, aliyense atha kufunsa kuti chaikidwiranji. Kale tikamadumpha mayeso onse 412 mwakachetechete, panalibe chizindikiro choti wina afunse.

Ndiye tinagwirizana malamulo ochepa. Chizindikiro cha slow ndi cha test yotsegula browser kapena yotuluka pa intaneti basi, osati yovuta. Gulu lofulumira limayenda pa push iliyonse. Lathunthu limayenda code isanalowe mu main, ndipo likafiira palibe merge, kaya mawa ndi tsiku lopereka pulojekiti. Limayendanso usiku uliwonse, zomwe zimadya mphindi pafupifupi 420 pamwezi, zokwana bwino m'zaulere zija. Amene watsegula laputopu koyamba m'mawa amaona zotsatira za usiku n'kuziika pa gulu la WhatsApp. Ndinakananso kubisa `-m "not slow"` mu fayilo ya pytest.ini kuti izichitika yokha. Ndikufuna munthu azilemba ndi zala zake, ndipo aziona pansi pamene pytest imanena kuti 40 deselected, adziwe kuti pali ngongole imene sanabweze.

Patapita milungu iwiri, gulu lofulumira linadutsa bwinobwino koma la usiku linagwa: wina anasintha dzina la batani lovomereza ngongole, fomu inasiya kutumiza. Mnzanga anati, "Waona? Ofulumira ako sanachigwire." Zoona. Chinagwidwa patatha maola 11, chisanafike mu main. Cha chiwongoladzanja chija chinakhala masiku 19 ndipo anachigwira ndi mayi wa kope.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri si mnzangayo, ndi mmene timaphunzirira zimenezi. M'kalasi timauzidwa kulemba mayeso, timapatsidwa malikisi pa kuchuluka kwake ndi peresenti ya coverage. Sindinafunsidwepo kuti mayeso anga amatenga nthawi yaitali bwanji, kapena kuti ndinawayendetsa liti komaliza. Piramidi ya Mike Cohn ya mu 2009, mayeso aang'ono ambiri pansi, a browser ochepa pamwamba, timaijambula pa pepala la mayeso enieni aja n'kupeza malikisi, koma palibe amatiuza kuti piramidiyo ikunena za nthawi ndi ndalama. Ndiye timamaliza sukulu tikuganiza kuti mayeso ndi chinthu choonetsa, ngati satifiketi ya pakhoma. Inu amene mwayamba kale ntchito, ndiuzeni ngati sizomwe mwapeza: foda ya tests yodzaza, ndi munthu mmodzi yekha amene amakumbukira lamulo loiyendetsera. Mphunzitsi atangowonjezera funso limodzi pa tsiku loonetsa pulojekiti, kuti "yendetsani mayeso anu pano tione," theka la magulu lingasowe pogwira. Lathu likanakhala loyamba.

Mkulu wa gulu lathu mpaka lero sanavomere kuti ndinali wolondola. Amati kugawa ndi mankhwala opha ululu chabe, ndipo cholinga chake n'choti mayeso onse 412 adzayende m'mphindi zisanu kuti chizindikiro cha slow tichifafanize. Wayamba kale kulembanso ena a Chrome aja kuti aziyesa fomu popanda browser, ndipo asanu ndi awiri asamukira ku gulu lofulumira. Ndikumuthandiza. Akafika pa mphindi zisanu tidzakambirananso, ngakhale ndikukayika kuti ndidzalola kuchoka pa masekondi 38.

Loweruka likubwerali tikubwerera kwa amayi aja. Msungichuma watiuza kuti abweretsa makope a zaka ziwiri, ndipo akufuna tilowetse ngongole iliyonse iye akuona.